Situdiyo yojambulira zithunzi ya m'chipinda cha alendo ku Matawale, Zomba: momwe ikuyendera

Loweruka, 31 Meyi

Chipinda tachikhuthula lero. Matumba a chimanga apita kukhitchini, njinga ya mphwanga yapita kukhonde, bedi la alendo talimasula n'kuliimika kuchipinda kwa ana. Nditayeza ndi tepi ndapeza mamita 4 m'litali, 3 m'lifupi, ndipo siling'i ili pa mamita 2.6. Mayi a kunyumba anaima pakhomo akuyang'ana, kenako anafunsa kuti, "Nanga alendo akabwera, bambo, azigona pati?" Tapangana kuti chilichonse chimene ndiikemo chizitheka kuchotsa m'mphindi 20 bedi n'kubwerera pamalo pake.

Ndilembe chimene chandiyambitsa, kuti ndikadzatopa pakati panjira ndidzabwerere pano. Bambo anga atatisiya zaka 3 zapitazo, tinasowa chithunzi choika pa pulogalamu ya maliro. Tinafwanthula masutikesi, tinatsegula mabaibulo, tinaimbira abale onse kuti aone m'mafoni. Chinapezeka chimodzi, cha pa ukwati wa msuweni wathu, chojambulidwa ndi fulashi yokhala pamwamba pa kamera. Pachipumi payera ngati pawazidwa ufa, masaya ali bii, maso sakuoneka n'komwe. Tinachikulitsa chomwecho, ndipo mpaka lero chili pakhoma kwathu ku Jali. Adzukulu akachiloza amati "agogo", koma nkhope imene ine ndinkaidziwa mulibemo. Amayi alipo, ali ndi zaka 74. Ndikufuna chawo chituluke iwo adakali moyo, achione ndi maso awo.

Zimene ndili nazo ndi izi. Kamera ndi Canon 600D yomwe ndinagula kwa mnzanga wa kuntchito. Mtundu wake unatuluka mu 2011 koma ikugwira bwinobwino. Malenzi ndi awiri, ya 18-55mm ndi ya 50mm f/1.8. Mafulashi awiri a Yongnuo YN560 III, ogwiritsidwapo kale ntchito, anabwera nawo mlamu wanga kuchokera ku Johannesburg pa Isitala, pamodzi ndi ma trigger a RF-603 (tizipangizo tolamula fulashi kuti iphulike ili patali ndi kamera) ndi ambulera imodzi yoyera ya mainchesi 33 yofewetsera kuwala kwa fulashi. Magetsi akuluakulu a situdiyo olowetsa pakhoma aja ndawasiya dala. Chigwere kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wake sindingaufike, komanso magetsi akazima ndiye kuti ntchito yaima. Fulashi yaing'ono imadya mabatire 4 a AA, imalowa m'chikwama, ndipo tsiku lina ndidzatha kukwera nayo minibasi kupita kumudzi.

Lachitatu, 4 Juni

Woyamba kukhala pampando ndi mwana wathu wamkulu, atangoweruka kusukulu. Nkhope yake yatuluka yobiriwira mbali imodzi. Ndinayamba ndakayikira kamera, ndinasintha white balance (pamene kamera imakonzera mitundu kuti choyera chituluke choyera) kangapo, osatheka. Vuto linali khoma. Nyumba ino ndi ya lendi, ndipo chipindachi chili ndi penti yobiriwira. Kuwala kwa fulashi ndi koyera, pafupifupi 5600K pa muyeso wa mtundu wa kuwala, ngati dzuwa la masana, koma kukagunda khoma kumabwerera kutanyamula mtundu wa khomalo n'kuupaka pa tsaya la munthu. M'chipinda cha mamita 3 makoma onse amasanduka nyali.

Ndapita kwa eni nyumba madzulo. "Ngati mupaka yoyera pakani, aphunzitsi, bola musabowole khoma," anatero. Misomali ayi, ndamva.

Loweruka, 7 Juni

Tapaka kawiri, ine ndi mphwanga. Kubiriwira kwatha koma kwabwera lina: chipinda choyera mbee chikubweza kuwala paliponse, moti nkhope ikutuluka yafulati, yopanda mthunzi woonetsa mphuno ndi chibwano. Ndapachika bulangete lakuda pa chingwe kukhoma la kumanja, ndipo nthawi yomweyo tsaya la mbali imeneyo layamba kukhala ndi mthunzi wake. Bulangete lomwelo ndizilichotsa ndikafuna chithunzi chowala mbali zonse.

Pazenera ndaika makatani awiri ophatikiza. Njira yoyesera ndi yapafupi: ndimazimitsa mafulashi, kuika kamera pa ISO 200 (mmene imamvera kuwala), 1/160 ya sekondi (nthawi imene imakhala itatseguka) ndi f/5.6 (kukula kwa chibowo cha lenzi), n'kujambula. Chithunzi chikatuluka chakuda bii, ndadziwa kuti dzuwa ndi babu sizikulowererapo, kuwala konse kuchokera kumene ine ndafuna.

Masitandi oimikapo mafulashi sindinagule. Zitini ziwiri za penti za malita 5 ndazidzaza simenti, pakati ndaimika paipi yachitsulo. Owotcherera a ku Chinamwali andilowetsera paipi ina yocheperapo mkati mwake ndi bawuti yomangira pambali, kuti izikwera ndi kutsika. Pamwamba awotcherera kabawuti ka kota inchi, kamene kamalowa m'kachitsulo kogwira fulashi ndi ambulera. N'zolemera kunyamula, koma mwana akazigunda sizigwa, ndipo pa nyumba ya ana atatu imeneyo ndi nkhani yaikulu.

Lamulungu, 15 Juni

Zinthu ziwiri zandidyera sabata ino.

Choyamba ndi kamzere kakuda m'munsi mwa chithunzi. Ndinkafuna kuti mwana wovutavuta asatuluke mbuu, ndiye ndinakweza liwiro la shutter, chotsegula ndi kutseka kamera, kufika pa 1/400. Theka la chithunzi linada. Mkati mwa kamera muli tizitseko tiwiri, kena kotsegula kena kotseka. Pa 1/200 kapena pang'onopang'ono kuposa apo, pamakhala kamphindi kamene sensa yonse, kachipangizo kolandira chithunzi, ili poyera, ndipo fulashi imaphulika pamenepo. Mukapitirira, kotseka kamanyamuka kotsegula kasanafike kumapeto, choncho fulashi imapeza mbali ina yatsekedwa kale. Pa kamera yanga malire ndi 1/200, koma ndakhazikika pa 1/160 chifukwa trigger imachedwako pang'ono. Ndipo mantha anga analibe maziko. M'chipinda chamdima choimitsa mwana ndi fulashi yeniyeniyo, chifukwa pa mphamvu yochepa kuthwanima kwake n'kwachidule kwambiri kuposa shutter.

Chachiwiri ndi mabatire. Otchipa a pamsika aja, opepuka m'manja, anatha nditangojambula pang'ono, ndipo fulashi inkatenga nthawi yaitali kuti idzadzenso, munthu kumwetulira mpaka masaya kutopa. Fulashi imakoka moto wambiri nthawi imodzi, ndipo amene amapirira ndi otchaja a NiMH, a 1.2V. Ndapeza 8 a Eneloop, ndipo ndalemba A pa anayi, B pa anayi ena, kuti asasakanikirane potchaja. Ndi amenewa fulashi ikudzadza m'masekondi atatu pa mphamvu yonse, ndipo pa 1/4 ndi kungophethira. Magetsi anazima Lachinayi kuyambira masana mpaka usiku, ine n'kumajambulabe. Chaja yokha ndiyo ikufuna magetsi, choncho akangoyaka ndi imene ndimayamba kulowetsa, foni pambuyo.

Loweruka, 21 Juni

Lero ndi tsiku limene ndamvetsa chimene chinalakwika pa chithunzi cha bambo, ndipo sindinachimvetsere m'chipinda.

Kwacha ndi chiperoni. Phiri lonse lakutidwa, Ku Chawe sikukuoneka, kamvula kowaza kosalekeza. Ndinatsikira kumsika waukulu kukagula nyemba ndi mbatata, ndipo ndikudikira chenji ndinayang'ana nkhope ya mayi wogulitsayo. Khungu lake linkaoneka lonse, kuyambira pachipumi mpaka pakhosi, kuwala kukutsetsereka bwinobwino pamasaya, maso owala, makwinya a m'mbali mwa maso ooneka koma osakuwa. Mayi yemweyo ndimamuona mu Okutobala dzuwa lili paliwombo: pachipumi ng'aning'ani, m'maso muli mdima. Munthu ndi yemweyo, dzuwa ndi lomwelo. Chasintha n'chakuti lero mtambo wonse wasanduka nyali imodzi yaikulu kuchokera ku Chinamwali mpaka ku Sadzi.

Khungu lakuda, makamaka likadzoledwa mafuta monga timachitira tonse m'nyengo yozizira ino, limachita ngati galasi pang'ono. Limaonetsa chifaniziro cha nyali imene ikuliwalira. Nyali ikakhala kadontho, ngati mutu wa fulashi wosaposa mabokosi awiri a machesi, pachipumi pamabwera kadontho koyera koopsa, kwina konse n'kuda. Wojambula akaona kuda kuja amawonjezera mphamvu, kadontho kaja n'kupsa kotheratu. Ndicho chinachitika pa ukwati uja. Nyali ikakhala yaikulu, chifaniziro chake chimayala pa tsaya lonse, ndipo kuyalako ndi kumene kumaumba nkhope. Anthu ambiri amati munthu wakuda kwambiri amavuta kujambula, amafuna fulashi yamphamvu. Ine ndikukana. Safuna yamphamvu, amafuna yotambalala, ndipo kutambalala sikudula.

Nditabwerera ndinakhazika mphwanga, amene ndi wakuda kuposa tonse m'banja mwathu. Ambulera inali pa mamita 2 chifukwa ndinkaopa kumuthobwa m'maso. Ndinaikokera pafupi mpaka masentimita 70, chapambali komanso pamwamba pang'ono pa maso ake, n'kutsitsa mphamvu kuchoka pa 1/2 kufika pa 1/8. Kusiyana kwake ngati usiku ndi usana. Chinthu chikayandikira chimakula m'maso mwa amene chikumuwalira, ndiye ambulera yomweyo ya mainchesi 33 inasanduka mtambo wake. Mphamvu inatsika chifukwa mtunda ukachepa ndi theka kuwala kumachuluka kanayi, ukawirikiza kawiri kumatsala gawo limodzi la magawo anayi. Mabatire nawo apumulapo.

Sindinalekere pomwepo. Ndinatenga shiti yoyera ya pabedi la alendo lija, ndinaipachika pa chingwe mita imodzi kuchokera pampando, fulashi ndinaiika kuseri kwake itabwerera m'mbuyo ndithu, zoom pa 24mm kuti idzaze nsalu yonse. Nyali ya mamita awiri, yaulere. Imadya kuwala kwambiri, moti ndinabwerera pa 1/2 ndi ISO 400, koma mphwanga atayang'ana kumbuyo kwa kamera anakhala chete kaye, kenako anati, "Achimwene, munditumizire chimenechi." Sanapemphepo chithunzi chake chiyambire.

Mbali ya mthunzi ndaikako chobwezera kuwala: zoyera zopepuka zija zimene amakutira firiji yatsopano m'katoni, ndinapempha kushopu ina m'tauni. Mbali imodzi ndaisiya yoyera, inayo ndamata pepala lonyezimira la kukhitchini nditalikwinya kaye. Yoyera ndi imene ndikuikonda. Yonyezimira ikubweretsanso ng'aning'ani uja.

Loweruka, 5 Julaye

Nsalu yakumbuyo yatheka. Ndinagula yotuwa yosanyezimira, ndipo a telala a pafupi ndi depoti alumikiza zidutswa ziwiri n'kusoka mpendero wolowetsamo paipi ya pulasitiki. Paipiyo yakhala pa mitengo iwiri ya bulugamu yoimika m'makona, khoma silinakhudzidwe. Ndasankha yotuwa chifukwa imasintha: fulashi yachiwiri ikaiwalira mwamphamvu imayera, ikazimitsidwa munthu n'kusendera kutsogolo imada. Makwinya a nsalu ndi msoko wa pakati sizioneka munthu akatalikira mita imodzi pa f/4. Chitenje ndinayesa, maluwa ake akulimbana ndi nkhope. Ndachisungira ana, amene chimawakhala.

Kuchepa kwa chipinda kwaonekera lero. Mlongo wanga anabwera ndi banja lake, anthu 6, atavala zofanana za pa chinkhoswe cha mawa. Lenzi ya 50mm pa kamera iyi imaona mopanikiza ngati ya 80mm pa kamera ya sensa yaikulu, ndipo pa mamita 3 imatenga kutalika kwa mita ndi masentimita 30 okha, kuchokera kumutu kufika m'mawondo. Ndinasintha n'kuika ya 18-55mm pa 35mm, ndinatsegula chitseko n'kukaima pakhonde la mkati, ndipamene munthu wamkulu anakwana yense. Pansi pa 30mm sindikufuna kutsika, chifukwa amene ali m'mphepete amafufuma mapewa.

Ambulera yapafupi ija, imene inakometsa mphwanga, pagulu inandikana. Alamu amene anali kufupi nayo anawala kwambiri, mwana wa kumapeto ali mumdima. Lamulo lomwe lija la mtunda, koma tsopano likundiluma. Ndinachotsa ambulera, ndinatembenuza mafulashi onse awiri kuloza pakona ya khoma ndi siling'i kumbuyo kwanga pa 1/2, bulangete ndinalitsitsa. Chipinda chonse chinasanduka nyali, onse anawala mofanana. Fulashi imodzi inkamvera trigger, inayo ndinaiika pa S1, yongoona inzake yaphulika nayo n'kuphulika. Gulu loposa anthu 6 muno silingatheke, ndipo ndavomereza. Oterowo tizikajambulira panja pakhonde madzulo.

Loweruka, 19 Julaye

Mlendo woyamba wolipira: mtsikana amene anamaliza ku UNIMA, mwana wa mayi wina wa kumpingo kwathu. Pa tsiku la mwambo ku Great Hall anajambulitsa panja dzuwa lili pamutu, chipewa chija n'kuphimba maso ndi mthunzi, ndiye anabwereka gauni kwa mnzake kuti abwereze. Chipewa chimafuna nyali itsike pang'ono kuti ilowe pansi pake. Koma amavalanso magalasi, ndipo nyali ikatsika ambulera yonse imaonekera m'magalasimo. Tinalimbana nazo mphindi 15. Chinathandiza ndi kusunthira ambulera pambali kwambiri, kumupempha akankhire chipewa m'mbuyo pang'ono, ndi kukweza timiyendo ta magalasi pamwamba pa makutu kuti apendekere pansi. Gauni yakuda pa nsalu yotuwa inkamira, ndiye fulashi yachiwiri ndinaiika kumbuyo kwake chapamwamba pa 1/32, nditaikulunga katoni ngati fanulo kuti isawalire lenzi. Inajambula kamzere kowala paphewa ndi m'mphepete mwa chipewa.

Chotopetsa n'chakuti kusintha mphamvu kulikonse ndiyenera kuyenda kukadina pa fulashi, chifukwa RF-603 imangolamula kuti phulika, basi. Trigger ina yotchedwa YN560-TX imatha kusintha mphamvu ndili pa kamera. Ndalama ya lero ndaiika padera, ndiyo poyambira.

Ndapezanso kachinthu konga ulusi wa kangaude m'mphepete mwa galasi la lenzi ya 18-55mm. Ndi nkhungu. Chinyezi cha Zomba sichikhululuka, ndipo chikwama ndinkachisunga pansi pafupi ndi khoma. Malenzi tsopano akugona m'kontena ya pulasitiki yotseka bwino, muli timapaketi toyamwa chinyezi tija topezeka m'mabokosi a nsapato. Mabatire ndikuwachotsa m'mafulashi ndikamaliza.

Loweruka, 2 Ogasiti

Amayi anafika dzulo kuchokera ku Jali. Bedi linabwerera m'chipinda m'mphindi 25, anagona momwemo, m'mawa talichotsanso.

Sindinawauze chovala. Anatuluka atavala za Mvano, bulauzi yoyera, duku loyera, siketi yakuda, zositidwa ndi manja awo. Mtima unagunda, chifukwa choyera chotere pafupi ndi nkhope yakuda ndi mayeso aakulu: ukatsegulira nkhope, bulauzi imapsa n'kutaya ulusi wake wonse, ukatetezera bulauzi, nkhope imamira. Koma zovala zimenezi ndi zaka zawo zoposa 40 za mapemphero a Lachinayi, kuyendera odwala ndi kugona pa maliro. Sindikanawauza kuti asinthe.

"Ndikhale bwanji, mwananga?"

"Mmene mumakhalira kutchalitchi, amayi. Manja muike pamene mwafuna."

Ndinagwiritsa shiti ija, osati ambulera. Ndinaikweza kuti pakati pake palingane ndi nkhope, ndipo theka la m'munsi ndinalitchinga ndi bulangete lakuda kuti kuwala kofika pachifuwa kuchepe. Chobwezera choyera sindinachifune, bulauzi yomwe inkabweza kuwala kulowa pansi pa chibwano. Lenzi ya 50mm, f/5.6, 1/160, ISO 400, fulashi pa 1/2, RAW (fayilo yosunga zonse zimene kamera yaona, yoti ndikakonze pa kompyuta). Ndinkayang'ana kumbuyo kwa kamera ngati pali pamene pakuphethira posonyeza kupsa. Duku linaphethira pang'ono pamwamba, ndinatsitsa mphamvu pang'ono, linaleka.

Zoyamba 10 anauma ngati chithunzi cha chiphaso. Anthu a msinkhu wawo anazolowera kuti kamera ndi ya boma, suiseka. Ndinasiya kuyang'ana mu kamera, ndinakhala pampando pambali pake chala chili pa batani, n'kuwafunsa za ulendo umene ankatiuza tili ana, woyenda pansi kuchokera kumudzi kudzagulitsa mpunga kuno Zomba idakali likulu la dziko, 1975 isanafike. Anayamba kufotokoza za mtanga pamutu, za kuwoloka Likangala madzi ali m'chiuno, za mnyamata wina wa njinga amene anawanyamulira katundu ulendo wobwerera. Mnyamatayo ndi bambo anga. Pamene ankatchula njingayo anayang'ana chapambali, kumene kunali shiti, pakamwa patatseguka pang'ono. Ndinadina. Ndi cha nambala 23.

Madzulo ndinachitsegula pa kompyuta ndi Digital Photo Professional, pulogalamu yaulere ya Canon. Sindinafafanize khwinya ngakhale limodzi. Ndinangotsitsa kuwala kwa duku pang'ono. Mphini ziwiri zazing'ono za patsaya lawo lamanzere, zimene pa zithunzi za pafoni sizioneka, zilipo.

Loweruka, 9 Ogasiti

Kutsukitsa kwandiphunzitsa china. Choyesera choyamba cha 10x15cm chinatuluka chakuda kuposa mmene ndinkachionera, chifukwa sikirini ya kompyuta yanga inali yowala mopitirira, ndipo pepala silidziwalira lokha. Ndatsitsa sikirini kufika pakati, ndaweretsa chithunzi pang'ono, ndasunga mu sRGB (dongosolo la mitundu lofala potsukitsa zithunzi), n'kutsukitsa tating'ono titatu tosiyana kuwala ndisanalipire chachikulu. Chapakati ndicho chinakhoza. Chachikulu ndasankha 20x30cm chifukwa chikufanana ndi mmene kamera imajambulira, 3 kwa 2. Cha mainchesi 8x10 chikanadula manja awo, ndipo manjawo ndikuwafuna. Mafayilo ndawasunga patatu: pa kompyuta, pa fulashi disiki imene ili kwa mlongo wanga, ndi pa intaneti.

Zotsala: felemu kwa akalipentala, yolonjezedwa Lachitatu; mabatire ena 4; YN560-TX ndalama ikakwana; thumba lonyamulira shiti, chingwe ndi fulashi imodzi. Masitandi a simenti sangakwere minibasi, ndiye kumudzi mphwanga ndi amene azigwira fulashi pa ndodo.

Amayi abwerera lero m'mawa ndi kachithunzi kakang'ono kamodzi m'buku lawo la nyimbo. Anakayang'ana nthawi yaitali tili pa siteji, osanena kanthu za iko. Minibasi itatsala pang'ono kudzadza anasuzumira pazenera n'kunena kuti, "Azakhali ako a ku Mayaka maso ayamba kuvuta. Ubwere nazo nyali zakozo mwezi uno usanathe." Ndawauza kuti ndifika pa 23.